Kaulusi Kofiira pa Duku la Mayi Ocansey

Mutu 7

1. Tiulusi tiwiri

Lachitatu m'mawa, Bambo Lamptey anadzutsa mutu pamakina n'kukodola Sedinam ndi chala.

"Tabwera kuno, mwana wa sukulu. Ntchito yako ya Lolemba ija yabereka."

Bambo Lamptey ndiwo anali mkulu wa chipinda chopimira tsitsi ndi ulusi, mu labu imene apolisi amatumizako umboni wa milandu. Mu Accra monse muno munalibe wodziwa tsitsi kuwaposa, komatu pamutu pawo panalibe ndi limodzi lomwe. Tsitsi ankaliona likakhala pakagalasi basi. Akazi awo ankadandaula kuti tsiku lina adzameta mpala, amuna awo osazindikira.

Sedinam Agbeko anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Atamaliza ku yunivesite, boma linamutumiza mu labumo kuti agwire chaka chake chotumikira dziko. Ophunzira otero analimo atatu, koma malo a ntchito yokhazikika anali amodzi. Aliyense ankadziwa kuti diso la Bambo Lamptey linali pa Sedinam.

Mlandu wa sabata imeneyo unali wa Mayi Ocansey, ogulitsa nsalu mumsika wa Makola. Lachisanu m'mamawa akutsegula sitolo, wina anawamenya kumutu chakumbuyo, kuwamanga pakamwa ndi duku lawo lomwe, n'kuthawa ndi mkanda wawo wagolide. Mayiwo anali chigonere m'chipatala, osayankhula.

Apolisi anagwira Azara, mtsikana wa kumpoto amene ankasenza katundu wa anthu mumsikamo. Chifukwa chake chinali chimodzi: anakangana ndi Mayi Ocansey masabata atatu m'mbuyomo. Azara ankalumbira kuti chikanganireni sanapondekonso pasitolopo.

Sedinam anasuzumira m'makinamo. Anali maikulosikopu awiri olumikizidwa pamwamba, moti munthu ankaona bwalo limodzi lowala logawidwa pakati, uku chinthu china, uku china.

"Kumanzere ndi kamene ndapeza pa selotepi yako ya paduku," anatero Bambo Lamptey. "Kumanja ndi kamene unakadula pamutu pa Azara dzulo. Usandiuze zimene ukuganiza. Undiuze zimene ukuona."

"Si tsitsi la munthu, bwana. Tilibe mamba, tilibe mzere wapakati. N'tosalala ngati waya. Ndi meshi."

"Mtundu?"

"Tonse n'tofiira ngati madzi a chidede."

"Kunenepa?"

"N'chimodzimodzi."

"Eya. Ndipo mtsikanayu akuti analuka meshiyi sabata yatha, pokonzekera chikondwerero cha Idi. Ngati sanapiteko masabata atatu, meshi ya sabata yatha yafika bwanji paduku?"

Sedinam anasuntha kagalasi ka kumanzere pang'onopang'ono, kutsatira kaulusiko mpaka kunsonga. Kunsongako kunali kampira kakang'ono kakuda, konga mutu wa machesi.

"Kampirako ndakaona," anatero Bambo Lamptey. "Meshi ikakhudza moto imasungunuka chotero. Mwina anayandikira mbaula mumsika. Ndilemba."

Sedinam anachotsa diso pamakina. Kampira kameneko iye ankakadziwa, ndipo sikanali ka mbaula.

Bambo Lamptey anaganiza kuti mtsikanayo wangogwidwa ndi chimwemwe cha mlandu wake woyamba, ndiye anayamba kumulangiza.

"Tamvera, mwana wanga. Makina awa sanena kuti 'ndi uyu'. Amangonena kuti 'zikufanana'. Meshi ya mtundu uwu imabwera m'makontena, ndipo atsikana zikwi ali nayo pamutu mumzinda muno. Ine mu lipoti ndilemba kuti zikufanana, osapitirira apo. Koma mawu amenewa akatuluka pakhomo apo amanenepa. Wapolisi akawerenga amati n'kutheka ndi iyeyu. Wozenga mlandu amati ndi iyeyu ndithu. Pofika mumsika, apezeka anthu asanu oti anamuona ndi maso. N'chifukwa chake ndimakuvutitsani ndi zipewa ndi magolovesi ngati wamisala. Chimene chili pagalasi chizikhala chochokera kumene kunachitikira mlandu, osati kwa ife. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

"Lipoti ndisaina mawa masana."

2. Zimene zinachitika Lolemba

Lamlungu kunali chinkhoswe cha msuweni wa Sedinam ku Madina. Kwathu kuno mkwatibwi akanena kuti operekeza onse aluke mofanana, palibe wotsutsa. Mkwatibwiyo anasankha meshi yofiira, yaitali mpaka m'chiuno. Loweruka lonse Sedinam anathera pampando wa saluni, maola asanu ndi awiri.

Oluka amamaliza mosiyana. Ena amaviika meshi m'madzi otentha kuti igone. Woluka wa Sedinam anali wa kandulo: akadula timaubweya toimirira ndi sizasi, amadutsitsa lawi mumzere uliwonse, timaubweya totsala n'kusungunuka kukhala timipira. Tizidutswa timeneti timayoyoka masiku angapo, papilo, paphewa, m'mbale.

Amene analukapo meshi akudziwa mmene masiku atatu oyamba amakhalira. Suseka, suyasamula, sugona chagada. Lolemba Sedinam anafika kuntchito nkhope itakokedwa ngati ng'oma. Anakulunga meshi yonse pamutu n'kuikanikizira m'zipewa ziwiri za mu labu, lasitiki n'kumuluma m'mbali mwa makutu.

Panali lamulo lakuti wogwira ntchito akasintha tsitsi apereke kachitsanzo kasungidwe m'kabati, kuti tsitsi la eni labu lizidziwika. Sedinam ankalidziwa lamulolo. Anati achita masana, ndipo masanawo sanafike.

Bambo Lamptey anali kuthamangira ku khoti kukapereka umboni pa mlandu wina. Anamusiyira maenvulopu awiri.

"Apolisi anadula dukuli m'mbali mwa mfundo, ndipo anachita bwino. Iyi ndi nsalu, iyi ndi mfundo. Mfundo usaikhudze, tidzamasula limodzi. Nsaluyi uiyale papepala loyera, uidinde ndi selotepi kuyambira kungodya mpaka kungodya, selotepi iliyonse uimate pagalasi lake. Ndadalira iwe."

Itakwana leveni koloko magetsi anathima, makina oziziritsa n'kusiya. Mawindo a chipindacho satsegulidwa. Thukuta linayamba kulowa m'mizere ya meshi, ndipo mutu unayabwa ngati muli nyerere.

Sedinam anayang'ana kuchitseko. Kunalibe munthu. Anavula zipewa zonse ziwiri, meshi n'kugwera kumsana. Ha, mpumulo wake!

Meshi yatsopano sitikanda ndi zala, ingayoyoke. Timaimenya ndi chikhatho. Ndiye Sedinam anamenya, phaphapha, uku ndi uku, maso ali chitsinzinire, ataimirira pamwamba penipeni pa duku la Mayi Ocansey.

Zinali mphindi zisanu zokha. Anavalanso zipewa, kusintha magolovesi, n'kupitiriza ntchito yake mwaudongo ndithu. Atabwera Bambo Lamptey anayamikira mmene magalasi ake makumi atatu anafolera. Zoti pansi pa zipewazo pali tsitsi la mtundu wanji, iwo sanafunse.

3. Azara

Lachiwiri masana Sedinam anatumidwa kupolisi kukadula zitsanzo pamutu pa woganiziridwayo. Anamupeza atakhala pabenchi m'kachipinda ka kumbuyo, wopanda nsapato, mapazi ong'ambika zidendene. Anali wa msinkhu wake womwe, mwina wocheperapo.

Sedinam atavala magolovesi n'kutulutsa sizasi, Azara anamwetulira koyamba.

"Sisi, ndinu a makina aja?"

"Ndine."

"Mulungu ndi wamkulu! Anzanga anandiuza kuti kuli makina oona ngakhale fumbi. Dulani, sisi, dulani zambiri. Anthu awa ndikayankhula akuti ndikunama. Makina sangandide, sakundidziwa n'komwe."

Sedinam anadula malo makumi awiri, kutsogolo, pakati, kunsonga. Nsonga zake zinali zowongoka bwino, za madzi otentha, zopanda kampira ndi kamodzi komwe. Akuwerama, mzere umodzi wa meshi yake unapulumuka m'chipewa. Azara anauona n'kuseka.

"Ii, sisi, tafanana! Koma yanuyo ndi ya kusaluni. Yangayi anandiluka mnzanga pakhonde la sitolo, ine n'kumulipira ndi mbale ya mpunga."

Sedinam nayenso anaseka, n'kuubweza mzerewo m'chipewa. Panthawiyo n'kuti asakudziwa chimene Bambo Lamptey ankapeza pamagalasi ake aja.

Insipekitala Boadu, mkulu wofufuza mlanduwo, anasuzumira pakhomo.

"Seka, seka. Lamulo landipatsa mpaka Lachinayi m'mawa. A labu akapanda kupeza kanthu, ukagona kwanu. Akapeza, ukaseka kundende."

"Sapeza, bwana," anatero Azara. Atatero anagwira mkono wa Sedinam. "Sisi, mwana wanga ndamusiya ndi anzanga kumsika. Ali ndi zaka ziwiri, sadya ndikapanda kumudyetsa ine. Auzeni makinawo achite changu."

Mawu amenewa ndi amene anamubwerera Sedinam Lachitatu lija, ali chiweramire pamakina. Akanatha kuyankhula pomwepo. Bambo Lamptey anali pambali pake, nthawi ili teni koloko m'mawa. Sindimuikira kumbuyo: anachita mantha, ndipo mantha ake anali a ntchito yokhazikika ija. Anadziuza kuti lipoti ndi la mawa masana, nthawi ilipo.

Tsiku lonse anatsuka magalasi oyera kale. Poweruka anaona Bambo Lamptey ali pafoni mu ofesi mwawo, akugwedeza mutu ngati munthu amene akukakamizidwa. Iye anadutsa mwachangu osatsanzika.

4. Malalanje a azakhali

Sedinam ankakhala ndi azakhali ake, a Mawusi, atelala, m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Kaneshie. Dzuwa lisanalowe anakhala kuseri kwa nyumba ndi chipeso, n'kuyamba kumasula.

Azakhali anatulukira ali ndi tepi m'khosi.

"Iwe! Meshi ya masiku anayi? Maola asanu ndi awiri aja unakhalira chiyani? Mnyamata wakukana?"

"Ikundiwawa, azakhali."

"Inkawawa Lolemba. Lero Lachitatu ndi pamene imayamba kukoma."

Sedinam anapitiriza kumasula. Mzere uliwonse akamasula ankauika m'jumbo yakuda. Kaulusi kakagwa pansi ankakatola. Pambali pake panali machesi ndi botolo la palafini.

Azakhali anayang'ana jumbo, anayang'ana machesi, n'kukoka kampando.

"Za kuntchito kwanu sindifunsa, ndikudziwa kuti simunena. Koma tsitsi lowawa timangotaya kudzala, sititola kamodzikamodzi n'kutentha. Khala chete, ndikuuze chimene sindinauzepo ngakhale mayi ako.

"Ndikuphunzira zosoka ku Ho tinalipo atsikana asanu ndi mmodzi kwa madamu athu. Tsiku lina kunabwera kente ya mkwatibwi, nsalu yoti banja lonse linasonkherana. Ndinatumidwa kusita ndi simbi yamakala. Khala linagwa, n'kuboola pakati. Ndinaipinda bwinobwino, bowo m'kati, n'kuiika pamulu wa mnzanga Ablavi. Sindinanene bodza ndi limodzi lomwe, mwana wanga. Madamu atafunsa, ndinangoyang'ana pansi. Ablavi analira, analumbira, koma anamuthamangitsa atatsala miyezi inayi kuti amalize. Ine ndinamaliza, ndinalandira makina, ndi awo akulira m'nyumbamo.

"Patapita zaka khumi ndi ziwiri ndinakumana naye padepoti, atasenza malalanje, mwana kumsana. Ndinafuna kubisala. Anandiona, anathamanga, anandikumbatira. Akuti, 'Mawusi, mwa onse aja iwe wekha ndiwe sunanditonze.' Anandipatsa malalanje asanu ndi limodzi aulere. Ndinalephera kuwadya, ndinalepheranso kuwataya. Anaolera pawindo. Ndinati ndidzamuuza ulendo wina. Chaka chotsatira ndinamva kuti anamwalira.

"Tsono ndikuuze. Manyazi owulula amawawa sabata, mwina mwezi, mwina chaka. Awa ndili nawo inewa alibe tsiku lothera. Ndimasoka madiresi a maukwati, anthu amandiyamikira, koma kente ikabwera ndimapatsa wina asite. Ngati m'jumbomo muli munthu, usayatse."

Azakhali anadzuka, natenga machesi aja ngati akufuna kukayatsira mbaula, n'kulowa nawo m'nyumba.

Sedinam analira mpaka chipeso chinagwa m'manja. Anamanga jumbo ija n'kuiika m'chikwama cha kuntchito. Nambala ya Bambo Lamptey inali m'foni mwake, ndipo dzuwa linali lisanalowe. Anaiyang'ana, nati nkhani yotere siyonenera pafoni, anena m'mawa. Kumeneko kunali kulakwa kwake kwachitatu, ndipo ndi kumene kunapweteka koposa.

5. Jumbo yakuda

Lachinayi, eyiti koloko isanakwane, Sedinam anagogoda pa ofesi ya Bambo Lamptey. Anali atamanga mpango kumutu. Anawapeza akumwa phala la mapira m'kapu, lipoti lili patebulo.

Anaika jumbo pamwamba pa lipotilo.

"Ichi n'chiyani? Wandibweretsera nkhuku?"

"Ndi tsitsi langa, bwana. Limene ndinali nalo Lolemba."

Bambo Lamptey anamasula jumbo. Ataona mtundu wake, anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

Sedinam ananena zonse: za chinkhoswe, za kachitsanzo kamene sanapereke, za magetsi, za zipewa, za chikhatho, za kandulo.

"Kampira kaja si ka mbaula, bwana. Meshi ya Azara ndi ya madzi otentha. Ya kandulo ndi yanga."

"Unadziwa liti?"

"Dzulo."

"Dzulo nthawi yanji?"

"Teni koloko. Mutandiitana."

Sanakalipe. Sedinam akanakonda akanakalipa. Anangovala chipewa pa dazi lawo, monga ankachitira masiku onse ngakhale panalibe choti chigwe, n'kulowa m'chipinda chopimira. Anatenga kaulusi m'jumbo ndi kapani, kukaika pagalasi, kudontheza mankhwala, kuphimba, n'kukalowetsa kumanja kwa makina. Anasuzumira nthawi yaitali.

"Bwera uone."

Kumanzere kampira, kumanja kampira. Zinali ngati munthu ndi chithunzi chake.

"Tsono tamvera," anatero Bambo Lamptey, "pakuti mwina sindidzakhalanso ndi mpata wokuphunzitsa. Kuvula chipewa ndi kulakwa, koma ndi kulakwa kwa mwana. Ukanandiuza Lolemba, ndikanakukalipira, ndikanalemba m'buku, nkhani n'kutha. Ukanandiuza dzulo teni koloko, ndikanang'amba pepala limodzi basi. Pantchito ino munthu wosalakwitsa kulibe. Amene ndimamuopa ndi wolakwitsa n'kukhala chete, chifukwa makina awa amakhulupirira chilichonse chimene tawapatsa, woweruza amakhulupirira makina, ndipo wolira amakhala munthu amene sanalowepo m'chipinda muno. Magalasi ako makumi atatu onse afa. Ngati pansalu ija panali kaulusi ka wakuba weniweni, palibe khoti limene lidzakalandire. Sikuti wamuyeretsa Azara. Wangochotsa bodza limene unamuika. Chimene chatsala chosadetsedwa ndi mfundo ija yokha, imene wakubayo anamanga ndi manja ake, ndipo tithokoze kuti sunaitsegule. Ulemba zonsezi ndi dzanja lako, zipite kwa akuluakulu. Za ntchito yokhazikika usandifunse."

"Ndavomera, bwana. Bola lipoti simunasaine."

Bambo Lamptey anavula magalasi awo a m'maso n'kupukuta nkhope ndi chikhatho. Anaoneka okalamba mwadzidzidzi.

"Sindinasaine. Koma nanenso ndili ndi changa choti ndilembe. Dzulo poweruka Boadu anaimba. Akuti nthawi yamuthera, ndingomuuza pakamwa ngati pali kanthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana kuti pafoni sitinena. Ndinamuuza kuti zikufanana."

Onse awiri anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa naini koloko ndi mphindi khumi.

"Khoti limayamba naini," anatero Bambo Lamptey.

Anaimbira Insipekitala Boadu katatu. Foni inali yozima, monga zimakhalira munthu akalowa m'khoti. Anatenga envulopu ya mfundo, kuitsekera m'kabati yachitsulo, kiyi n'kuika m'thumba la malaya.

"Tenga jumbo yako. Ukanena ndi pakamwa pako."

6. Pabwalo la khoti

Amene amati Accra ndi mzinda waung'ono sanakwerepo takisi ali pachangu. Pamphambano iliyonse panali mzere wa magalimoto, ogulitsa madzi akuyenda pakati pawo mosatekeseka. Dalaivala anayamba kufotokoza za mpira wa dzulo. Ataona kuti palibe womuyankha, anatsegula wailesi.

Anafika teni koloko itadutsa. Insipekitala Boadu anali pamasitepe, faelo m'khwapa, akuseka ndi anzake.

"Aa, akuluakulu a makina! Mwachedwa, zatha kale. Ndangonena kuti labu yapeza tsitsi lake paduku, woweruza osafunsanso zambiri. Belo yakanidwa. Masabata awiri pa limandi."

"Sindinanene kuti tsitsi lake," anatero Bambo Lamptey. "Ndinati zikufanana."

"Si chimodzimodzi?"

Bambo Lamptey anatembenukira kwa Sedinam. Iye anatsegula jumbo pamaso pa wapolisiyo n'kunena zonse kachiwiri, pamasitepe pomwepo, anthu akudutsa. Manyazi ake anali oti akanatha kulowa pansi.

Kuseka kwa Insipekitala Boadu kunatha.

"Mukudziwa chimene mwandichita? Woweruza wasaina. Ine sindingafufute ndi chala. Pafunika kalata yanu, pafunika loya wa boma, pafunika tsiku lina la khoti. Mawa ndi Lachisanu, faelo siyenda Lachisanu. Mukanandiuza dzulo, mtsikanayu bwenzi pano ali kumsika."

"Ali kuti?" anafunsa Sedinam.

Wapolisiyo analoza ndi faelo.

Kuseri kwa khoti kunali galimoto ya ndende, injini ikulira kale. Pageti panaima amayi atatu a mumsika, mabeseni awo osenzera ali pansi. Mmodzi ananyamula kamwana m'mwamba kuti kaone, ndipo kamwanako kankalira kakutambasulira manja kugalimoto.

Sedinam anathamanga. Pawindo laling'ono la mawaya panaoneka zala, kenako nkhope, kenako mizere yofiira.

"Sisi! Sisi wa makina!"

Sedinam anaima pansi pa windolo, mpweya uli m'mwamba.

"Mulungu wakutumani, sisi! Anthu awa akuti makina anena kuti ndine. Akunamizira makina! Inu munaonamo ndi maso anu. Auzeni!"

Munalibe mkwiyo m'mawu akewo ngakhale pang'ono. Ankamuyang'ana ngati mbale wake amene wabwera kudzamutenga.

Sedinam anakweza dzanja n'kuvula mpango. Tsitsi lake lenileni linaimirira nyankhalala, losapesa, meshi yonse kulibe.

Azara anayang'ana mutuwo, n'kuyang'ana jumbo yotseguka imene inali m'manja mwa Sedinam, mizere yofiira ikulendewera kunja. Kumwetulira kunayamba kuchoka pankhope pake pang'onopang'ono.

"Sisi, mwamasuliranji? Si tinafanana?"

"Azara, kaulusi kaja ndi kanga. Ndinadziwa dzulo."

Sizikudziwika ngati anamva zonse, chifukwa dalaivala anali ataponda kale moto. Galimoto inadutsa pageti, inadutsa amayi aja, n'kukhotera kumsewu waukulu. Zala zija zinali zikadali pawaya.

Mayi wonyamula mwana uja anabwera kwa Sedinam, kamwana kakulirabe.

"Ndinu a makina? Azara anati inu ndi amene mumutulutse. Uyu chidyereni Lachiwiri. Timuuze kuti mayi ake abwera liti?"

Sedinam anayang'ana kumbuyo. Bambo Lamptey anali ataima pamasitepe, dzanja lili pathumba la malaya pamene panali kiyi.

"Masabata awiri ndi ambiri," anatero iwo. "Tiye tikamasule mfundo ija. Iwe sukhudza kanthu. Uima pakhomo, chipewa kumutu, uzilemba zimene ndikuona."